Botolo la XO silikhwima m'kabati

Owerenga wina wandilembera imelo kuti mlamu wake wamubweretsera Cognac XO, brandy wokhwima zaka zambiri, kuchokera ku France. Akufunsa ngati n'kwabwino kumusunga zaka zina khumi kuti akome kwambiri, komanso ngati angamusakanize ndi Coca-Cola.

Achimwene, tsekulani botololo. Brandy amakhwima ali mumgolo wa mtengo wa oak basi. Akangolowa m'botolo, kukhwima kwathera pomwepo. Ngakhale ku Cognac komweko, tauni imene dzina la mowawu linachokera, brandy wokalamba kwambiri akafika pake amamuchotsa m'migolo n'kumuthira m'mabotolo aakulu agalasi kuti asasinthenso.

Zaka mukufunazo zili kale m'menemo. Kuyambira 2018, lamulo limati mu XO brandy wamng'ono kwambiri akhale atagona mumgolo zaka 10, pomwe m'magulu otsikirapo a Cognac, VSOP ndi zaka 4 ndipo VS ndi 2 zokha. Amayamba ngati vinyo wowawasa wa mphesa za Ugni Blanc, n'kumutcheza kawiri mumphika wamkuwa. Amene anaonapo kachasu akutchezedwa akudziwa ukali wa mutu. Ku Charente, dera limene kuli tauni ya Cognac, mutuwo ndi zotsalira kumapeto amazipatula, amangotenga zapakati. Kenaka mgolo umagwira ntchito yake, uku chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti ikuuluka. Makoma ambiri m'matauni a Cognac ndi Jarnac ndi akuda bii chifukwa cha nkhungu imene imadya mpweya wa mowawo.

Ndiye zoti muthiremo Coca-Cola, ayi ndithu, zingandipweteke mtima. Zosakaniza zisiyireni VS.

Pezani tambula yaing'ono yopapatiza kukamwa, thiranimo pang'ono, musiyeni apume mphindi khumi. Musamutenthetse pamoto. Mphuno musailowetse m'tambula, chifukwa mphamvu yake ndi 40 peresenti ndipo imaphimba fungo lonse; nunkhizani chapatali, muziyandikira pang'onopang'ono. Poyamba mumva vanila ndi zipatso zoumitsa. Mukadekha pabwera fungo la mtedza, la chikopa, mwina ndi la fodya wouma, ndipo ine m'pamene ndimamukondera XO, poti fungo lotere silibwera m'zaka ziwiri. Kulawa koyamba kukhale kadontho konyowetsa lilime chabe. Kachiwiri m'pamene mumve kukoma kukutsalira kukhosi nthawi yaitali mutameza kale. Akakuwotchani kwambiri, dontho limodzi la madzi silolakwika.

Botolo muziliimika chilili, osaligoneka ngati vinyo, poti mowa wamphamvu chonchi umawononga chitsekero. Likhale kutali ndi dzuwa. Likafika theka musalisiye mpaka chaka chamawa, mpweya umachepetsa fungo. Itanani mlamu wanuyo mumalizire limodzi.