Mzere waufupi wa m'chikhathowo usakusowetseni tulo

Achemwali, ndalama imene wowerenga m'manja uja akuti mumupatse kuti "atalikitse" mzere wanu wa moyo wa m'chikhathowo musatulutse ngakhale tambala. Mtima ukundiwawa ndikulemba izi. Mizereyo ndi makwinya opindira dzanja, amapangika mwana ali m'mimba cha m'mwezi wachitatu, ndipo palibe mankhwala amene angawasunthe. Zoti mzere wautali ndi moyo wautali zili kale m'zolemba za Aristotle, katswiri wa nzeru wakale wa ku Greece, koma kukalamba kwa bodza sikulisandutsa choona.

Ntchitoyi inadyanso eni ake. Ku Bologna, Italy, kunali katswiri wowerenga m'manja, Bartolomeo della Rocca, wodziwika kuti Cocles. Anauza Ermes Bentivoglio, mwana wa wolamulira mzindawo, kuti adzathamangitsidwa kwawo n'kukafera kunkhondo. Ermes anapsa mtima. Olemba mbiri akale amati Cocles anali ataona kale kuti iyenso adzafa ndi bala la m'mutu, moti ankayenda atabisa chisoti chachitsulo mkati mwa chipewa. Mu 1504 munthu wotumidwa ndi Ermes anadzisandutsa wogulitsa nkhuni, n'kumudikirira Cocles pakhomo pake. Cocles ali kalikiliki kutsegula chitseko, nkhwangwa ija khaa, m'mutu. Ermes ameneyu anali munthu wamantha komanso wankhanza, kupha munthu chifukwa cha mawu chabe! Mu 1506 banja lake linapirikitsidwadi ku Bologna, iye n'kufera kunkhondo mu 1513.

Musati ndiye kuti Cocles ankaonadi. Nthawi imeneyo mwana wa wolamulira ku Italy kufera kunkhondo sizinali zachilendo, ndipo maulosi amene anaphonya anthu sakonda kuwakumbukira. Ku England lamulo la 1530 linkanena kale kuti owerenga m'manja akubera anthu ndalama, ndipo la 1824 linkawapatsa miyezi mpaka itatu ya ntchito yakalavulagaga. Ray Hyman, amene pambuyo pake anakhala pulofesa pa yunivesite ya Oregon ku America, ankawerenga m'manja ali mnyamata. Tsiku lina anayesa kunena zosemphana ndi zomwe mizere ikusonyeza, makasitomala n'kumavomerabe kuti walasa. Chimene anthuwa amawerenga ndi nkhope yanu, mphete, zikang'a za khasu ndi mayankho anu omwe.

Mukafuna kumuyesa wowerenga m'manja wanuyo, pitaninso, vulani mphete, tsekani pakamwa, musagwedeze mutu, muone mmene asokonezekere. Koma akatchula za matenda, mawa lomwelo kayezetseni BP ndi shuga kuchipatala.