Apolisi a pa TV aja ndi enieni? Yankho kwa achemwali a ku Ntcheu

Imelo iyi yachokera kwa achemwali ena a ku Ntcheu, dzina sinditchula. Akuti mlongo wawo wa kabaza anamugwira Lachisanu madzulo pa nkhani ya foni yobedwa, anagona mchitokosi mpaka Lachitatu osapita naye kukhothi, potuluka mapazi ali otupa akuyenda motsimphina. Funso lawo ndi ili: "Ine ndimaonera kwambiri mafilimu a apolisi pa TV, munthu akamangidwa amamuuza ufulu wake, loya amafika pompo, umboni amakayeza ku labu. Kodi kunjako zimayendadi choncho, ife kuno ndi amene tinatsalira?"

Pepani achemwali, komanso mumupepese mlongo wanuyo.

Mau aja wapolisi amanena pomanga munthu, oti uli ndi ufulu wokhala chete, si opeka ayi, anachokera pa mlandu wa Miranda umene khothi lalikulu la ku America linagamula mu 1966. Koma chimene ambiri sitidziwa nchoti ifenso tili nawo ufulu umenewo, uli mu gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino. Akuuze chifukwa chimene akukumangira mchilankhulo choti umve, ukhoza kukhala chete, ukhoza kuitana loya, ndipo akufikitse kukhothi pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa wikendi ndiye kuti tsiku loyamba limene khothi latsegula. Tawerengani nokha, Lachisanu madzulo kuphatikiza maola 48 ndi Lamulungu, ndiye mlongo wanu amayenera kuonekera kwa majisitireti Lolemba, osati kumusunga mpaka Lachitatu. Belo ya kupolisinso ndi yaulere, wina akati "muganizeko pang'ono bwana" chimenecho ndi chiphuphu basi. Pa pepala sitinatsalire ayi.

Nanga kunjako? Musanamizidwe. Pa TV mlandu umatha mu mphindi 45, ka tsitsi kamodzi kapezeka pa kapeti, kompyuta yalira, chigawenga chagwidwa. Zoona zake ku America komweko milandu yakupha yambirimbiri, zaka zina pafupifupi theka, imangokhala osapezeka wolakwa. Ndipo George Floyd anafera mmanja mwa apolisi ku Minneapolis pa 25 May 2020, wapolisi Derek Chauvin atamugwadira pakhosi mphindi zoposa 9. Chikalata choyamba chimene apolisi anatulutsa chinangoti munthuyo anaoneka kuti wadwala. Pakanapanda mtsikana wa zaka 17 amene anajambula pa foni nkhani ija ikanathera pomwepo. Labu anali nayo, makamera anali nawo, malipiro abwino, koma munthu anafa.

Koma ine chimene chimandidetsa nkhawa pa mafilimuwa si bodza la labu ayi. Ndi ichi. Taonetsetsani filimu ikafika pakati, wapolisi amene timamukonda uja wamutsekera woganiziridwa mkachipinda, wazimitsa kamera, mnzake waima pakhomo kuyang'ana kumbali, kenako khofi, kumukanikizira mutu pa tebulo, munthu uja nkuulula kumene wabisa mwana. Mu video show monse mmanja, ana kukuwa "mpatse! mpatse!" Timaomba mmanja chifukwa ife oonera tinamuona kale akuba mwanayo filimu ikuyamba, wolemba anatiuziratu kuti wolakwa ndi uyu. Ndiye loya akalowa timamuda, woweruza akati umboni mulibe timati wadya ndalama, ofufuza apolisi anzawo amaoneka ngati ansanje ofuna kugwetsa munthu wolimbikira ntchito. Pamene wapolisi weniweni filimuyo sanaione poyambira, ali ndi dzina limene wina wangomutchulira, mwina wotchulayo ali ndi ngongole ndi mlongo wanu kapena akulimbirana mkazi. Munthu ukamumenya mapazi usiku onse avomera ngakhale kuba ng'ombe imene sanaione.

Ife a ku Dedza izi sitichita kumva kwa ena. Mu February 2019 mnyamata wachialubino wa zaka 14 anabedwa mboma lino, dziko lonse linakwiya, aliyense amafuna wolakwa apezeke lero lomwe. Mmodzi mwa ogwidwa, Buleya Lule, anafera mmanja mwa apolisi ku Lilongwe, ndipo dokotala Charles Dzamalala atayeza thupi anapeza kuti anamugwiritsa magetsi. Ngati amadziwa kanthu pa za mwanayo anapita nazo kumanda, mlandu wa mwana sunapindule kalikonse ndi imfa imeneyo. Zinatenga mpaka 2024 kuti khothi lipeze apolisi ena olakwa. Chaka chomwecho cha 2019, mu October, wapolisi ataphedwa pa zipolowe ku Msundwe, apolisi anzake anakalowa mmidzi ya Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika, amayi ndi atsikana anagwiriridwa, ndipo mu 2020 khothi lalikulu linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipepeso. Pa TV wapolisi wobwezera imfa ya mnzake ndi amene amamuimbira nyimbo yabwino kumapeto.

Sindikuti onse ndi oipa, ayi ndithu. Anyamata amene amatuluka ku sukulu ya apolisi ku Mtakataka kuja ambiri ndi ana athu omwe, amakafikira mnyumba zothonya, galimoto imodzi siteshoni yonse mafuta mulibe, wodandaula achite kulipira njinga kuti wapolisi akaone pamene paswedwa. Popanda zida zofufuzira njira yachidule imakhala mbama. Koma umphawi wa ofesi sungalipiridwe ndi mapazi a mlongo wanu.

Ndiye chitani izi achemwali, musachedwe. Mutengereni kuchipatala zotupazo zisanaphwe, adokotala alembe mbuku la kuchipatala zimene aona, mujambulenso pa foni. Lembani pa pepala tsiku ndi nthawi imene anagwidwa, imene anatuluka, mayina kapena manambala a pa yunifolomu ngati akukumbukira, ndi amene anali naye mchitokosimo chifukwa amenewo ndi mboni. Kuli bungwe la Independent Complaints Commission limene linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la apolisi la 2010, ntchito yake ndi kufufuza madandaulo okhudza apolisi ndipo si nthambi ya polisi. Kulinso Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu, komanso Legal Aid Bureau kwa ife opanda ndalama ya loya, iwowa angakuuzeni ngati mungasumire boma pa kumusunga kopyola nthawi ndi kumenyako. Zimachedwa, mudzayenda mpaka kutopa, ena adzakuopsezani kuti mukuputa mavu. Pepala lililonse limene mupereke muzisunga fotokope yake kunyumba, ndipo popita ku maofesi amenewa musamapite nokha, tengani wina wachikulire wa pa banja.