Geni ya tsidya la Shire: njira za m'madambo ndi pachipata

Achemwali, mwafunsa kuti geni ya ku Mozambique imayenda bwanji kuno kuchigwa kwa munthu wa mpamba wochepa, popeza mwamva kuti anzanu amayenda wapansi m'madambo kukaoda katundu tsidya lina. Mwafunsanso ngati pamafunika pasipoti.

Yambani mwadziwa mmene malire akhalira. Kuchokera pa Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, kutsika kumunsi, malire ndi mtsinje wa Shire womwewo, ndipo tsidya linalo ndi boma la Morrumbala. Kumwera, kumene msewu wa M1 ukuthera, kuli chipata cha Marka, choyang'anizana ndi Vila Nova da Fronteira m'boma la Mutarara. Pakati pa midzi yathu ndi mtsinje pali madambo: la Ndindi kumunsi kwa Nsanje boma, ndi Elephant Marsh kumtunda kwa Bangula. Tinjira timene mwamvato timadutsa m'madimba, m'bango ndi m'gumbwa mpaka padoko, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi, olankhula Chisena ndi Chimang'anja, okwatirana ndi kulirana maliro. N'chifukwa chake geniyi imaoneka ngati yopanda malamulo, koma malamulo alipo ndithu.

Za mapepala n'zachidule. Wokhala kufupi ndi malire amatenga border pass kwa a Immigration pachipata, ataonetsa chiphaso cha unzika. Pepalali ndi la ulendo waufupi ndiponso wapafupi. Mukafuna kupitirira mlatho wa Dona Ana wa pa mtsinje wa Zambezi kulowera ku Sena kapena ku Beira, tengani pasipoti. Katundu wogulitsa amaonetsedwa kwa a MRA, ndipo risiti ya msonkho muisunge mpaka thumba lomaliza litagulidwa, chifukwa pamalodibuloko a pamsewu wa ku Blantyre adzaifunsa. Mozambique sali m'bungwe la zamalonda la COMESA, choncho zimene anzanu a ku Mchinji amakamba za fomu yophweka ya COMESA musazitengere kuno. Musanaode chinthu chatsopano, kafunseni kaye pa Marka kuti chimalipira zingati ndiponso ngati chikufuna chilolezo cha unduna. Chimanga makamaka: boma limaletsa kapena kulola kuchitulutsa kunja malinga ndi mmene zokolola zayendera chaka chimenecho. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba zisiyeni kaye. Kuno matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabuka kawirikawiri, ndipo chiweto sichiyenda popanda kalata ya alangizi a ziweto.

Langizo langa ndi lakuti njira za m'dambo muzigwiritse ntchito posonkhanitsa katundu m'madimba ndi m'madoko a mbali yathu ino, komanso podziwana ndi alimi ndi asodzi. Katundu wochokera tsidya adzere pachipata. Wozembetsa akagwidwa amataya katundu, njinga ndi mpamba tsiku limodzi, ndipo akakumana ndi asilikali olondera malire a tsidya lina alibe pepala, palibe womuyankhulira.

Tsopano za njirazo. Mwini geni imeneyi ndi madzi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi tinjira tambiri timamira, ndipo dothi la makande limamata moti matayala a njinga amasiya kuzungulira. Madzi akayamba kuphwa mu Epulo ndi Meyi, pamwamba pamaoneka pouma koma pansi pali thope lofika m'mawondo. Nyengo yabwino yoyenda ndi Juni mpaka Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, makande amang'ambika ming'alu yothyola mwendo, ndiye nyamukani tambala woyamba akalira kuti pofika 10 koloko mukhale mwabwerera pamthunzi. Njira ya chaka chatha musaidalire. Madzi osefukira a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anasuntha timitsinje, anakwirira minda ndi mchenga, anatsegula makhwawa pamene panali pouma. Ulendo woyamba ndi wachiwiri lembani mnyamata wa m'mudzi wapafupi akutsogolereni, ndipo mukafika mudzi wachilendo kaonekereni kwa anyakwawa musanayambe kugula. Katundu akasowa, mlandu wanu adzaumva ndi iwowo.

Pamene pali madzi ofika m'chiuno musaoloke wapansi ngakhale ena akuoloka. Ng'ona imadikira pamalo amene anthu azolowera. M'madzi odikha muli likodzo, ndipo akumwa nyamulani anu, malita awiri kapena atatu, othira kolorini.

Bwato lili ndi malamulo ake. Pansi yalani bango kapena timitengo, kenako pepala la pulasitiki, matumba pamwamba pake, chifukwa bwato logoba limalowa madzi pang'onopang'ono ndipo thumba lapansi ndi limene limanyowa. Katundu wolemera akhale pakati. Mukakwera nonse, m'mphepete mwa bwato mutsale danga la chikhatho chimodzi pamwamba pa madzi. Likachepa pamenepo, tsitsani thumba, mupange maulendo awiri. Olokani m'mawa mphepo isanadzuke, ndipo kukayamba mdima musaoloke, pakuti ndiyo nthawi imene mvuu zimatuluka kukadya. Mvuu ya mwana imagubuduza bwato popanda kuiputa. Namasupuni akatseka doko, wopalasa amazungulira kutali ndipo mtengo umakwera, choncho gwirizanani padoko mtengo wa munthu ndi wa thumba lililonse padera, mulipire mukafika.

Nanga mugula chiyani? Kutsidya kumachokera chimanga kuyambira Epulo, chitowe cha m'ma Juni, nandolo kuyambira Ogasiti, kuphatikizapo mchere, mafuta ophikira ndi sipageti za m'mashopu. M'madambo mwathu mumatuluka mbatata, nyemba ndi chimanga cha kudimba nyengo yotentha, komanso nsomba: milamba yowamba ndi makakana. Kopita mumanyamula zimene midzi ya tsidya imasowa chifukwa ili kutali ndi matauni awo, monga shuga, sopo, zitenje, mabeseni ndi zida za njinga. Woyamba kumene asankhe chinthu chimodzi chopita ndi chimodzi chobwera, achidziwe bwinobwino.

Ambiri amagwa pa muyeso. Kumidzi amagulitsa ndi chidebe cha malita 20, koma inu mukagulitsa pasikelo. Zidebe pafupifupi zitatu za chimanga chouma zimadzaza thumba la makilogalamu 50. Vuto n'lakuti zidebe zimasiyana: china anachiphwanya m'mbali, china anachikweza pansi. Nyamulani chidebe chanu ndi kasikelo kokoleka, ndipo mumvane musanathire ngati muyeso ndi wosefukira kapena wosalaza. Chimanga chilumeni. Chouma chimathetheka pa dzino, chachinyontho chimafinyika. Chachinyonthocho chikauma chimapepuka, thumba limene munagula lodzaza n'kupezeka laperewera makilogalamu angapo, ndipo mukachisokera msanga chimachita nkhungu mkati. Chitowe amachisakaniza ndi mchenga wosalala: tapani pansi pa thumba, thirani m'kapu ya madzi, mchenga ukhala pansi. Mlamba wowamba upindeni pang'ono. Ukafewa pamimba sunaume ndipo pakatha masiku awiri ugwa mphutsi, ukafumbutuka ndiye wakhalitsa. Nsomba ziikeni m'dengu loyala udzu wouma, osati m'thumba la pulasitiki, chifukwa zimachita thukuta.

Pa ndalama, midzi ya m'malire imalandira kwacha ndi metikali yomwe, koma mtengo wosinthira umasintha sabata ndi sabata, ndiye funsani anthu atatu musanasinthe ndipo muwerenge nokha m'manja mwanu. Chenjerani ndi mawu akuti "conto". Mu 2006 Mozambique inachotsa maziro atatu pa ndalama yake, koma anthu ambiri akali kuwerenga mwakale, moti wina akati ma conto 100 akunena mametikali 100. Mtengo uliwonse ulembedwe pa foni kapena pansi kuti nonse muuone. Mpamba wonse musauike m'chitenje chimodzi: wina ukhale mu Airtel Money kapena TNM Mpamba. Tsidya lina amagwiritsa ntchito M-Pesa ndi e-Mola, ndipo m'dambo netiweki imaduka, choncho tapani ndalama ya tsikulo mukali ku Nsanje kapena ku Bangula.

Phindu muliwerenge musananyamuke. Pa thumba lililonse phatikizani mtengo wogulira, thumba lenilenilo ndi ulusi, wonyamula pamutu kuchokera kumunda, bwato, wakabaza wofikitsa pamsewu, msonkho, galimoto, chiphaso cha pamsika, ndi chakudya chanu. Njinga yolimba imanyamula matumba awiri ochita kukankha, koma pamchenga limodzi basi, ndiye mtunda womwewo mungaulipire kawiri. Onjezaninso kilogalamu imodzi kapena ziwiri zotayika popeta ndi poyanika. Zonsezi zikafika pafupi ndi mtengo wa pa Bangula, Ngabu kapena Nchalo, ulendowo usiyeni, dikirani sabata ina.

Ngongole kwa alimi, yoti adzabweze ndi zokolola, musapereke chaka choyamba. Madzi akasefukira munda umapita, munthu amasamukira kumtunda, ndipo ngongole ya tsidya lina mulibe bwalo loti mukaisumire. Ulendo woyamba pitani ndi mayi amene wakhalitsa pa geniyi, mutenge theka la mpamba wanu, mubwere ndi matumba awiri kapena atatu okha.