Yankho la amalume kwa mphwawo wogula soya

Eee, mphwanga, uthenga wako uja ndaumva, koma ndiyankha pakamwa, maso angawa sagwirizana ndi tizilembo ta pafoni. Wafunsa ngati n'kulakwa kusiya kaye mapemphero ndi kwaya mpaka sizoni ya soya ithe, kenako udzapereke chakhumi chonona mu Ogasiti. Ena pagulu pano akuseka, koma funsolo ndi lenileni, ndiye tchera khutu.

Geni si tchimo ayi. Paulo yemwe uja ankasoka mahema, ndipo pa 2 Atesalonika 3:10 sanapsatire mawu, anati wosafuna kugwira ntchito asadye. Ndikudziwanso kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba sukulimba m'manja. Zimenezo sindikutsutsa.

Koma tandiuza, sizoni imene imathayo ndi iti? Soya akatha kwabwera mtedza, mtedza ukatha chimanga, Seputembala fizi ya ana, mvula ikamayandikira feteleza. Ukadzati udzidzimuke, Khirisimasi yakwana, mpando wako kutchalitchi anakhalapo ena.

Komatu mpandowo si umene ukundisowetsa tulo kwenikweni. Ndi sikelo. Iwe ukudziwa bwino zimene mavenda ena amachita pa misika ya Kamwendo ndi Kapiri ku Mchinji nyengo ino. Mayi wakankha njinga kuchokera kumudzi, mwana kumsana, thukuta kamukamu. Thumba alikoleka pa sikelo ya mbedza ija, singano anaigwiragwira kale m'mamawa, thumba la makilogalamu 50 likuwerenga 46. Mayiyo ayang'ana singano, ayang'ana venda, angoti chabwino, poti kunyumba kulibe sopo ndi mchere. Boma limalengeza mitengo yoyambira chaka ndi chaka, a Malawi Bureau of Standards amayeza n'kudinda masikelo, koma pansi pa mtengo paja nthawi zambiri pamakhala anthu atatu okha: iwe, mayiyo ndi Mulungu. Miyambo 11:1 imati muyeso wonyenga umamunyansa Yehova.

Sindikuti umaba, mayi ako asandiimbire foni usiku uno. Ndikuti munthu amene watha miyezi inayi osamva Mawu, osagwada, akungomva za anzake oti aliyense akutero, dzanja limapita lokha pasingano paja. Sizichitika tsiku limodzi. Lero wangodula kilo imodzi ati ya thumba ndi fumbi, mawa ziwiri, mtima phee osagunda n'komwe. Ndiye chakhumi chonona cha mu Ogasiticho chidzakhala cha ndani? Udzakhala ukuponya m'mbale ndalama ya mayi wa njinga uja. Mulungu sachita katapila, mphwanga, woti umuzembe lero udzamubwezere ndi chiwongoladzanja.

Mateyu 6:33 umaidziwa pamtima, munkaloweza ku kalasi: muthange mwafuna Ufumu wake ndi chilungamo chake. Anthu amaiwala kuti Yesu ankanena zimenezi kwa anthu odera nkhawa chakudya ndi chovala, anthu ngati ife tomwe, osati mabwana. Ndipo sanalonjeze lole kapena nyumba ya malata ku boma, azibusa ena a masiku ano asakunamize. Analonjeza kuti zosowa zako Atate akuzidziwa.

Agogo ako, malemu, akakolola ankayamba apatula chimanga cha mbewu, ngala zikuluzikulu, n'kuzimangirira kudenga la khitchini pamene pamafika utsi kuti anankafumbwe asalowe. Njala ivute bwanji mu Januwale, chimenecho sichinkapita kuchigayo. Nthawi ya Mulungu uziipatula choncho, poyambirira, osati kudikira zotsala, chifukwa pa geni sipatsala kanthu.

Tsono chita izi. Lamulungu sikelo ipachike m'nyumba, soya saola tsiku limodzi, alimi akupeza Lolemba. Za kwaya, kakambirane ndi a tcheya, ngati pulakatisi ya mkati mwa sabata ikukuvuta auze zoona, amvetsa, kusiyana n'kungosowa ngati wasamuka. M'mawa usanatsegule sitolo werenga ngakhale ndime zochepa ndi apongozi angawo, muyambe ndi Luka 12, nkhani ya mwini chuma amene anapasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu.

Loweruka ndikubwera kumeneko, ndili ndi thumba limodzi la soya loti ndigulitse. Ndaliyeza kale kuno, ndipo nambala yake sindikuuza. Upereke moni kwa ana.