Bwanji nkhope za pa woodcut zimakhala ngati anazikhapa ndi chikwanje?

Achemwali ena anditumizira imelo sabata yatha, akuti anaona zithunzi za Käthe Kollwitz pa intaneti ndiye akufunsa kuti bwanji anthu ake ndi akuda bii, nkhope zokhakhala, kodi mayiyu kujambula ankakutha koma?

Ankakutha achemwali, heve. Kungoti woodcut sajambula, amasema. Amatenga thabwa losalala n'kulisema ndi tchizulo, kenako amapaka inki pamwamba n'kudinda papepala, ngati chidindo cha ku ofesi basi. Pomwe wasema inki sifikapo ndiye papepala pamatuluka poyera, pomwe wasiya osakhudza ndi pomwe pamada. Ndiye inu maso anu akuthamangira pakudapo pomwe ntchito ili poyerapo, kamzera koyera kalikonse ndi pomwe tchizulo inadutsa ndipo ukasema wasema, palibe za labala apa.

Mayiyu anali wa ku Germany, mwana wake Peter anafera ku nkhondo ku Belgium mu Okutobala 1914 ali ndi zaka 18 zokha. Anayesa kuitulutsa nkhaniyi ndi njira zina zodindira zithunzi, etching (ya pachitsulo) komanso lithograph (ya pamwala), koma osakhutira, mpaka mu 1920 ataona ma woodcut a Ernst Barlach, wosema wina wa ku Germany komweko, ndi pomwe anagwira thabwa, n'kusema zithunzi 7 zotchedwa Krieg, kutanthauza nkhondo.

Sakani chimodzi, Die Eltern, makolo. Bambo ndi mayi agwada, mayi wangodziponya m'manja mwa bambo, onse awiri asanduka chimulu chimodzi chakuda ngati mwala, nkhope simuziona n'komwe. Koma taonani dzanja la bamboyo lomwe waphimba nalo kumaso, zala zikuluzikulu zoposa muyeso, ndi timizera toyera tothamanga kumsana ngati wina amakanda thabwalo ndi mkwiyo. Pena mizera yathithikana pena yangotha mwadzidzidzi, mdima n'kumeza zotsalazo. Akanasalaza bwinobwino n'kuikamo makaka bwenzi tikuyamikira malaya, ine ndiye ndimaona choncho, ena atsutse. Palibe mfuti olo imodzi pachithunzipo koma aliyense amene anakhalapo pasiwa akachiona safunsa kuti kwagwanji.

Mukachipeza musayambe ndi kuzuma ayi, foni muiike patali kaye muone chimulucho, kenako muzume padzanjapo muwerenge kuti tchizulo inadutsa kangati.