Muyambe ndi pepala la 1980

Achimwene, mwafunsa kuti pa mapepala ambirimbiri a kafukufuku a Robert Furchgott, wasayansi wa ku America wofufuza za mankhwala, muyambire pati. Tengani la 1980, lomwe analemba ndi John Zawadzki m'magazini ya Nature. Ndi lalifupi ndithu. Ankadula mtsempha waukulu wa kalulu n'kuuthira acetylcholine, mankhwala otumiza uthenga m'thupi. Kachikopa kam'kati mwa mtsemphawo kakakhala kosakhudzidwa, minofu yake inkamasuka, koma akangokapala, osamasukanso ayi. Apa anazindikira kuti kachikopako kamatulutsa chinachake chomasula minofuyo. Mu 1986 Furchgott ndi wasayansi mnzake Louis Ignarro, aliyense payekha, ananena kuti chinthucho ndi mpweya wotchedwa nitric oxide, ndipo mu 1998 analandira mphotho ya Nobel limodzi ndi Ferid Murad. Mapepala ake akale okamba za ma receptor, timalo ta m'maselo tomwe mankhwala amagwirapo, ndi ozunguza mutu, amenewo muwawerenge pambuyo.