Funsani Azakhali: Kakhadi ka pa thawulo m'hotela, n'zoona kapena akungotinyenga?

Zikomo azakhali. Mwezi watha kuntchito ananditumiza ku msonkhano wa masiku atatu pa hotela ina yaikulu mu mzinda wa Blantyre. Kubafa ndinapeza kakhadi konena kuti ndikapachika thawulo ndiye kuti ndiligwiritsanso ntchito, koma ndikaliponya pansi alichapa, ati pofuna kusamala madzi ndi chilengedwe. Ine ndinapachika. Mnzanga anandiseka, akuti anthuwa angofuna kupulumutsa ndalama za sopo pomwe chipindacho n'chodula koopsa. Inu munagwirapo ntchito m'mahotela a ku Cape Town, tiuzeni zoona zake.
Mayi wa ku Chilomoni

Munachita bwino kupachika thawulo lija, mwana wanga, ndipo mnzanuyo sananame. Thawulo likapanda kuchapidwa, hotela imapulumutsa ndalama za sopo, za magetsi ndi za madzi, komanso madziwo amapulumukadi. Kukayikaku sikunayambe ndi mnzanu. Mu 1986 Jay Westerveld, wa ku America woona za chilengedwe, analemba za timakhadi tomweti atationa ku Fiji, kudandaula kuti malo ogona alendo akupempha anthu kusamala mathawulo pomwe eni ake ali kalikiliki kuwonjezera nyumba pachilumbapo. Ndiye funso lenileni ndi lakuti, kupatula kakhadiko, hotelayo ikuchitanso chiyani kumene mlendo saonako?

Ine ndinayamba ndi kuyala mabedi pa hotela ina ya nyenyezi zisanu ku Cape Town, kenako ananditumiza kochapira zovala, kunsi kwenikweni kwa nyumbayo kumene dzuwa silifika. Kumeneko n'kumene ndinadziwira kuti madzi a hotela amathera kuti. Mlendo amaona thawulo limodzi. Ife timaona mulu wa mathawulo, mashiti, mapilokesi, nsalu za patebulo ndi mayunifolomu a ophika, makina akuzungulira kuyambira mbandakucha mpaka usiku, madzi ake otentha.

Timakhadi tinalimo m'zipinda kuyambira kale, koma kunena zoona tinkangokongoletsa kubafa. Zinthu zinasintha chilala chitavuta. Mvula ya ku Cape Town imagwa nyengo yozizira, ndipo mu 2015, 2016 ndi 2017 inagwa yochepa. Damu lalikulu la Theewaterskloof linasanduka mchenga ndi zitsa za mitengo. Akuluakulu a mzinda analengeza tsiku lomwe analitcha Day Zero: madzi m'madamu akatsika kufika pa 13.5 peresenti, mipope yambiri atseka, ndipo aliyense azikaima pamzere kukatunga malita 25 pa tsiku. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku. Taganizani, ndowa zija za malita 20, ziwiri ndi theka, momwemo musambe, muphike, muchape, mugejemule kuchimbudzi.

Tsiku lina m'mawa kapitawo wathu anatipatsa kathumba aliyense kuti tizungulire zipinda zonse tikuchotsa zotsekera madzi m'mabafa. Ndimakumbukira kulemera kwake m'thumba la epuloni, tizitsulo tikulira ngwengwengwe pamene ndikuyenda m'khonde. Bafa limodzi lodzadza limadya madzi oposa a tsiku lonse a munthu mmodzi, ndiye wofuna kudziviika anayenera kukapempha chotsekeracho ku resepishoni, ndipo ambiri ankachita manyazi n'kungosamba pa shawa. Mu shawa iliyonse tinaikamo chidebe chokhakhira madzi ozizira aja oyamba kutuluka munthu akudikira otentha. Madzi amenewo ndinkakolopera pansi, otsala n'kutsikira nawo kukathirira maluwa. Msana unkawawa, sindikubisirani, koma ndikalowa m'chipinda n'kupeza chidebe chodzadza, mlendo atachiika bwinobwino pakona kuti chisatayike, mtima unkakhala pansi. Mashiti tinasiya kusintha tsiku ndi tsiku kwa mlendo yemweyo. Kodyera anachotsa nsalu zopukutira pakamwa n'kuika za mapepala. Kochapira kwathu amisiri analumikiza thanki yosunga madzi otsukuluzira komaliza kuti tiyambire kuchapa mulu wotsatira, ndipo palibe mlendo ndi mmodzi yemwe amene anaidziwa thankiyo, chonsecho ndi imene inapulumutsa madzi ambiri kuposa timakhadi tonse.

Madzulo ndikabwerera kumene tinkachita lendi, tinkatunga pa mpope umodzi mabanja angapo. Malita 50 aja enafe sitinkawafika n'komwe chilala chisanabwere. N'chifukwa chake sindimva chisoni munthu wogona chipinda chodula akapemphedwa kusamba mphindi ziwiri.

Mahotela ena anachita zazikulu kuposa ife. Westin, yomwe ili pafupi ndi doko, inamangidwa pamalo amene kale panali nyanja, motero madzi amchere ankalowa m'zipinda zake zapansi ndipo ankangowapopera kunja. Chilala chitafika anaika makina ochotsa mchere m'madzi omwewo, otha kutulutsa malita pafupifupi 400,000 pa tsiku, n'kumagawirako mahotela ena awiri oyandikana nayo. Nzeru yabwino, ngakhale makina otere amadya magetsi kwambiri, ndipo magetsi ambiri a ku South Africa amachokera ku malasha. Imene ine ndimaigomera ndi Hotel Verde, pafupi ndi bwalo la ndege, yomwe inatsegulidwa mu 2013 chilala chisanayambe. Iwo anaganiza zimenezi akumanga kumene: madzi a m'mashawa amasefedwa n'kukagwira ntchito m'zimbudzi, madzi a mvula amasungidwa m'thanki, padenga pali sola, panja pali makina opanga magetsi ndi mphepo, ndipo mapaipi olowa pansi panthaka amathandiza kuziziritsa ndi kutenthetsa nyumbayo. Inalandira satifiketi ya LEED Platinum, yapamwamba kwambiri ya nyumba zosamala chilengedwe, yomwe imaperekedwa ndi bungwe lakunja litaunika umboni wake, osati hotela kudzitama yokha.

Mzinda wonse utagwirana manja, madzi ogwiritsidwa ntchito pa tsiku anatsika kuchoka pa malita pafupifupi 1.2 biliyoni mu 2015 kufika cha m'ma 500 miliyoni, mvula inabwera m'nyengo yozizira ya 2018, ndipo mipope sinatsekedwe.

Tsono kwanu ku Blantyre thawulo lanu lili ndi phindu kuposa mmene mnzanuyo akuganizira. Madzi ambiri a mumzindamo amachokera mu Shire ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kuwapopa chokweza phiri ndi magetsi. Magetsiwonso ambiri amachokera mu Shire momwemo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Inu a ku Chilomoni mukudziwa mmene zimakhalira mpope ukauma masiku awiri.

Ulendo wina mukadzagonanso, dzaonetsetseni chinthu chimodzi: mutapachika thawulo, madzulo munalipeza lomwelo kapena analisintha? Nthawi zambiri oyala mabedi amasintha ndithu, poopa kuti woyendera zipinda akapeza thawulo lonyowa awakalipira. Zikatero kakhadiko ndi bodza, ndipo mukanene ku resepishoni mwaulemu, osakalipira mtsikana wokonza m'chipindayo chifukwa lamulo si lake. Ndiponso musafulumire kukana kuti asakukonzereni m'chipinda n'komwe. Ku America mu 2018 antchito a mahotela a Marriott ananyanyala ntchito, ndipo limodzi mwa madandaulo awo linali lakuti alendo akamalimbikitsidwa kukana kukonzeredwa m'dzina la chilengedwe, maola a ntchito amachepa, malipiro n'kutsika, pomwe chipinda chokhala masiku atatu osasesedwa chimatopetsa kuwirikiza. Thawulo pachikani, koma mayi wa tsache uja muloleni alowe.

Azakhali, ndikuphunzira za mahotela ndipo posachedwa ndipita kukayeserera ntchito. Aphunzitsi akuti timabotolo ting'onoting'ono ta shampu tikutha m'mahotela akuluakulu. Kodi alendo olemera sadzaona ngati hotela yasauka?
Mnyamata wa ku Zingwangwa

Aphunzitsi anu akunena zoona, achimwene. Mu 2019 kampani ya IHG, eni ake a InterContinental ndi Holiday Inn, inalengeza kuti isiya timabotoloti, tomwe inkagwiritsa ntchito pafupifupi 200 miliyoni pa chaka. Patangopita mwezi umodzi Marriott inalengezanso chimodzimodzi, ndipo kwa iwo tinali pafupifupi 500 miliyoni pa chaka. Ine ndatayapo tambirimbiri ndi manja angawa, tina mlendo atangofinyako kamodzi, chifukwa kotsegulidwa kale sungamuikire mlendo wina. Ndinkamva kuwawa mumtima pokumbukira kuti kumudzi sopo timamugwiritsa mpaka atatsala ngati chikhadabo.

Mlendo wolemera sadandaula ndi botolo lalikulu lomangirira kukhoma ngati lili loyera, lodzadza, ndipo zamkatimo n'zabwino. Chimene amadana nacho ndi botolo lamatope a sopo kukamwa kwake, kapena lotha. Imeneyo idzakhala ntchito yanu: kulipukuta ndi kuliyang'ana tsiku lililonse.

Koma poti mukupita kukaphunzira, pemphani kuti akuikeniko kukhitchini sabata imodzi, muime pafupi ndi bini nthawi ya kadzutsa ikatha. Pa chakudya chodzigawira wekha chija m'pamene hotela imatayira chuma: mazira okazinga kale, masoseji, buledi, zipatso zosendasenda zimene sizingabwererenso mufiriji. Kwathu mkulu wa ophika anabweretsa sikelo, tinkayeza zotsala zonse n'kulemba m'kabuku, ndipo atawerenga kabukuko anayamba kuika chakudya m'mbale zing'onozing'ono n'kumawonjezera chikatha, mazira n'kumakazinga munthu akaitanitsa. Makoko a masamba ndi zipatso ankapita kukapanga manyowa. Funsaninso kumene amagula tomato, kabichi ndi nkhuku, ngati n'kwa alimi a pafupi monga a ku Bvumbwe kapena zimachita kubwera pa thiraki kuchokera kunja. Mukabwerako mudzandilembere zimene mwapeza mu bini ija.